Mayi Lenia ndi Mpongozi Amene Anavomera

Ku Mwadzama, mtsikana akaima koyamba, abale ake sankachita kufunsana kuti adzalangize chisamba ndani. Ankangoti, "Akauzidwe a Nambewe." A Nambewewo ndi mayi Lenia, mayi wamfupi, wa zidendene zong'ambika ndi matope a m'munda wa mpunga, woyenda mothamanga ngati wasiya mwana pafupi ndi moto. Sukulu analekeza sitandade folo. Moyo wawo wonse akhala akuwokera mpunga dzinja, kuviika chinangwa, ndipo usipa ukachuluka amakapikula kugombe n'kukagulitsa pa Benga. Koma chimene chinawatchukitsa ndi pakamwa pawo m'nyumba ya chisamba.

Ankadziwa kulangiza moseketsa. Mwamuna akakhala pamphasa pambali pa mkazi wake, mutu uli pansi, mayi Lenia ankamuyang'ana kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Bambo, lamba wanuyo ali ndi mabowo angati? Kuyambira lero muzimanga pa bowo lomaliza." Amayi onse m'nyumbamo ankafa nacho chiseko. Chiseko chikatha ndiye ankanena zenizeni, mawu atatsitsa: kuti mkazi akakhala ndi pakati, mwamuna akayenda kunja amabweretsa tsempho m'nyumba. Mkazi amadwala matenda osadziwika mutu wake, amatuluka magazi, ndipo mankhwala sagwira mpaka wolakwayo ataulula. Ankawauzanso kuti khanda ndi lozizira, munthu wotentha ndi zachiwerewere salinyamula.

Zimenezi sankazinena ngati zongomva kwa ena. Mwana wawo woyamba anabadwa wakufa, iwo asanakwanitse zaka makumi awiri. Amayi akuluakulu anamutsekera mwamuna wawo Layson m'nyumba tsiku lonse, mpaka anavomera kuti anali ndi mkazi wina ku Chia. Banja silinathe. Anaberekanso ana ena asanu. Layson anali munthu wofatsa, wosoka maukonde, wosalawa mowa. Koma kuchokera tsiku limenelo kanthu kena kanauma mumtima mwa mayi Lenia. Ankamuphikira, ankamuchapira, atadwala anamudwazika mpaka tsiku lomaliza, koma nkhani ya ku Chia ija inkagona pakati pawo pamphasa.

Mzime wawo Talandira anali wosiyana ndi abale ake. Anafika fomu thuu, kenako n'kuyamba geni ya zitenje ndi nsapato zimene ankakapikula ku Dar es Salaam pamodzi ndi amayi ena a pa boma. Anakwatiwa ndi Ramsey, mnyamata wa kwa Malengachanzi, amene anadzamanga nyumba kuseri kwa apongozi ake monga mkamwini. Nyengo yodula nzimbe Ramsey ankakhala ku Dwangwa, kumudzi ankabwera mwezi ukatha. Anali wosayankhulayankhula. Akakumana ndi mayi Lenia panjira ankapatukira pambali, n'kunjuta, kulonjera nkhope ili kwina. Mayi Lenia ankamutama kwa anzawo kuti, "Wanga uja, ngakhale nkhuku imulowere m'mbale amaipepesa."

Talandira ataima, chisamba chake analangiza ndi mayi Dailesi, mnzawo wa mayi Lenia pa ntchitoyi, poti munthu salangiza mwana wobala yekha. Koma mawu anali omwe aja.

Chaka chimenecho, mpunga utayamba kucha, Talandira anapita ku Dar ulendo umene anati ndi womaliza asanachire. Mimba inali itapitirira miyezi isanu ndi iwiri. Anabwerako bwinobwino ndi mabelo ake. Patangopita masiku ochepa thupi linatentha ngati mbaula. Mutu unkamupweteka kuseri kwa maso, mafupa onse ngati wamenyedwa ndi munsi. Aliyense anati ndi malungo. Kuchipatala chaching'ono anamubaya chala, koma malungo sanapezeke. Anamupatsa panado, n'kumuuza kuti akaona chachilendo chilichonse, makamaka magazi, asachedwe, athamangire kuchipatala chachikulu pa boma.

Ramsey atamva pa foni anasiya ntchito n'kubwera. Thupi lija linazizira, anthu anati wachira. Koma m'mawa mwake, Talandira akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba, analavula magazi. M'mikono ndi m'miyendo munali mutatuluka timadontho tofiira ngati walumidwa ndi nsikidzi. Posakhalitsa kamfuno nayenso anayamba.

Mayi Lenia ataona magaziwo pamchenga, sanakayikire. Malungo mulibe, mankhwala sakugwira, magazi akutuluka okha, mwamuna amagona kutali. Anaitana mayi Dailesi ndi amayi ena awiri.

Ramsey anali atathamangira kumsewu kukatenga njinga yamoto ya kabaza. Pobwera anapeza apongozi ake ataima pakhomo la nyumba yake, manja atagwira felemu uku ndi uku. Chikwatirire anali asanayang'anizanepo maso ndi maso. Tsiku limenelo mayi Lenia anamuyang'ana.

"Apongozi, njingayo iyambe yadikira."

Ramsey ananjuta pomwepo. "Amayi, kuchipatala anati tikaona magazi tisachedwe."

"Kuchipatalako anapeza chiyani? Si anati mulibe kanthu? Mankhwala a matenda awa muli nawo ndinu, m'kamwa mwanumo."

"Sindikumva, amayi."

"Mukumva, bambo," anatero mayi Dailesi. "Pachisamba paja makutu munali nawo. Ku Dwangwa kuja amakuphikirani ndani?"

"Ndimaphika ndekha."

"Ee, kunenepa konseku ndi zophika nokha?"

Mayi wina anaseka. Wakabaza anazimitsa injini n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Anthu opita kukamweta mpunga anatula zikwakwa n'kuima m'mphepete mwa bwalo.

"Sachoka pano musanaulule," anatero mayi Lenia. "Ine ndinataya mwana chifukwa cha zomwezi. Uyu sindimutaya."

Dzuwa linakwera. Ramsey anakana, analumbira, anatchula Mulungu, anatchula malemu mayi ake. Amayi aja ankasinthana pomufunsa, wina mokalipa, wina monyengerera. M'nyumbamo Talandira ankamva zonse, poti chitseko chinali chotsegula. Dzuwa litapendeka anafuula kuti msana, msana. Ramsey anaimirira, anayang'ana mkatimo kudzera pamwamba pa phewa la apongozi ake, kenako ananjutanso.

"Chabwino. Ndinachita."

"Ndi ndani?"

"Mkazi wina wogulitsa mandasi pa geti. Dzina sindilidziwa."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Kamodzi!" Mayi Dailesi anaomba m'manja. "Onse amati kamodzi."

Anamupatsa Ramsey mchere kuti athire ndi dzanja lake m'kapu ya mankhwala a mizu. Talandira anamwetsedwa, n'kusanza pomwepo. Apo mayi Lenia anachoka pakhomo. Mumtima mwawo munapepuka, anaona kuti amupulumutsa mwana wawo. Ramsey atafuna kumunyamula mkazi wake kuti amukweze panjinga, Talandira anapotoloza nkhope n'kunena motsitsa kuti, "Asandigwire." Anakwera ndi mayi ake. Ramsey anatsatira panjinga ina.

Pofika pa boma matenda a kuchira anali atayamba kale. Kanabadwa kamwana kakakazi kosakwana makilo awiri, kolira ngati kamphaka. Koma magazi a Talandira sanafune kuleka. Anamwino ankangothamanga m'khonde ndi mabeseni. Patapita nthawi dokotala anatuluka n'kufunsa abale a wodwala.

"Magazi m'kamwa anayamba liti?"

"M'mawa," anayankha mayi Lenia.

"Ndiye tsiku lonseli munali kuti?"

Mayi Lenia anayang'ana pansi. Anayankha ndi Ramsey, ali chakumbali: "Mayendedwe anavuta, adokotala."

Dokotalayo anafunsa ngati wodwala anayendako kunja posachedwapa. Atamva za ku Dar anagwedeza mutu. Anati akuganiza kuti ndi matenda otchedwa dengi, ndipo magazi atumiza kukayezedwa kuti atsimikize. Anati iye sanakumane nawo kawirikawiri, koma kumene anapita Talandira amabuka. Amafala ndi udzudzu wina woluma masana, ndipo poyeza malungo saoneka. Amachepetsa tinthu tothandiza magazi kuundana, n'chifukwa chake akutuluka osaleka. Mayi wapakati amatha kuchira masiku asanakwane, ndipo nthawi zina mwana amabadwa atatengera.

Mayi Lenia anasendera pafupi. "Nanga mwamuna... sangamubweretsere?"

"Udzudzu, mayi," anatero dokotala, n'kubwerera mkati.

Masiku otsatirawo mayi Lenia anagwira mfundo imodzi mumtima: udzudzu ndi udzudzu, koma munthu anavomera yekha, pamaso pa anthu. Akayamba kukayika ankabwerera pomwepo.

Ramsey anapereka magazi, anaitanitsanso anzake awiri a ku Dwangwa kudzapereka. Talandira anapulumuka, koma anatsala woyera m'maso ndi m'zikhatho, akati adzuke chizungulire n'kumugwetsa. Kamwana kaja nakonso kanatentha thupi, timadontho tofiira tinatuluka pamimba, kanakhala masiku angapo m'chipinda cha ana osakwana masiku. Katachira, anamwino anati tsopano kakufunika kangaru: kukamangirira pachifuwa cha munthu, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku, kuti kazimva kutentha. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ngakhale akuluakulu ankafunda zitenje ziwiri.

Talandira ankakwanitsa kanthawi kochepa chabe. Akulu ake anali kutali, wina ku Joni, wina ndi khanda lake. Ntchito inagwera mayi Lenia, ndipo anaikonda. Ankakhala pampando motsamira, kamdzukulu katamatirira pachifuwa chawo chofota ngati kachule, akumva kamtima kakugunda pa nthiti zawo. Ramsey mwana wake ankamuonera pawindo. Talandira anakana kuti alowe, ndipo mayi Lenia anaona kuti n'zoyenera, poti munthu wotentha sanyamula khanda.

Ramsey sanabwerere ku Dwangwa. Ankagona pakhonde la nyumba ya odikirira odwala, kuphika phala pakati pa amayi, kuchapa matewera pampopi. Anthu akumudzi obwera kudzazonda anaifikitsa nkhani ija kumeneko, moti amayi ena akamuona ankakodolana. "Bambo a mandasi, tibwerekeni moto." Iye ankangopereka chikuni.

Kenako mayi Lenia anagwidwa ndi chimfine ndi chifuwa. Namwino wamkulu atamva akutsokomola anawamasula mwanayo pomwepo.

"Agogo, ndi chifuwa chimenecho muno simulowanso. Kamwana aka kakangotengera, tataya. Bambo ake alipo?"

"Alipo," anatero Talandira ali gone, "koma sanyamula."

"Alibe chifuwa?"

Amayi a m'chipindamo anaseka. Talandira sanaseke. "Amayi anga akudziwa chifukwa chake."

Namwino anati za kwanu sindizidziwa, koma mwanayu akazizidwa sikelo ibwerera pansi, ndipo alibe poti n'kubwerera. M'mawa mwake sikelo inatsikadi.

Mayi Lenia anaganiza njira. Ankadziwa mankhwala osambitsa mwamuna wotere kuti azizire, koma ankayenera kudziwa kaye kuti papita nthawi yotani. Anamupeza Ramsey pampopi akufinya chitenje. Anaima patali ndithu, atatembenukira ku mpanda, monga amayankhulirana apongozi.

"Apongozi, mwana akufuna chifuwa. Ndikhoza kukupezerani zosamba. Koma mundiuze zoona: chichokereni kwa mkazi uja, papita miyezi ingati?"

Madzi anapitiriza kugwera m'ndowa.

"Mkazi wake uti, amayi?"

"Wamandasi uja."

"Kulibe mkazi, amayi."

Mayi Lenia anatembenuka osadziwa. Ramsey sanali kuwayang'ana. Anali atawerama, akutsukuluza chitenje china.

"Nanga munavomereranji?"

"Mukanachoka pakhomo paja?"

Ananena mosakweza mawu, ngati akufunsa ngati mvula inagwa kumudzi.

"Ndinamva akulira msana," anapitiriza. "Ndinaona kuti bola ndinyozeke, koma afike kuno."

"Bwanji simunanene chifikireni?"

"Ndikanene kwa munthu ali pa diripi kuti mayi ake anandinamitsa? Ndipo akanakhulupirira ine kapena inu?"

Anayanika chitenje chija pawaya, n'kutola china. Sanacheuke kuti aone ngati amukhulupirira.

Mayi Lenia anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande ya madzi ochapira, malo oti munthu wamkulu sakhala. Anayamba kuona nkhope za amuna amene anawapanikizapo m'zaka zonsezi, mmodzimmodzi, atanjuta pabwalo, mkazi akubuula m'nyumba. Onse pomaliza ankavomera, ndipo iwo ankati umenewo ndiye umboni. Kenako anaona Layson akutuluka m'nyumba muja tsiku lija, milomo itauma. Sanapemphe madzi. Anafunsa amayi aja kuti, "Lenia wadya?" Zaka zonse anakhala nayezo sanamufunsenso ngakhale kamodzi ngati zinali zoona. Tsopano ali kumanda, sangafunsidwe.

Anadzifunditsa chitenje kumutu. Amayi ochapa anasiya zochapa n'kubwera, akuyesa kuti kwagwa maliro. Mayi Lenia anangopukusa mutu. Akanakonda akanakhala momwemo m'chitenjemo mpaka kude, koma kamwana kanali kakuzizidwa.

M'chipinda cha kangaru anali ataletsedwa kulowa. Anazungulira kuseri, kumene bedi la Talandira linayandikana ndi windo. Windolo linali lalitali kwa munthu wamfupi ngati iwo, moti anachita kuponda pa njerwa. Mkatimo munali amayi ambiri, aliyense ndi kamwana kake pachifuwa.

"Tala."

"Amayi."

"Mpatse mwanayo bambo ake."

Talandira anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Mwaiwala zimene mumaphunzitsa anthu?"

"Sanachite."

"Anavomera ine ndikumva ndi makutu angawa."

Mayi Lenia ananena china chake, koma chifuwa chinawatsamwitsa, mawu anathera pagalasi. Mayi wina wa pabedi la kukhomo anafuula kuti, "Kwezani mawu, agogo, kuno sitikumva!" Ena anaseka chamumtima.

Mayi Lenia anakwezadi mawu.

"Anavomera chifukwa ine ndinatseka pakhomo. Ndinamuuza kuti suchoka asanaulule. Analibe choti aulule, ndiye anapeka. Mkazi wamandasi kulibe. Ndinamunamitsa ndine."

Namwino amene ankalemba pa tebulo anasiya kulemba.

"Wakuuzani ndani?" anafunsa Talandira.

"Mwini wake. Ndachita kumufunsa."

"Ndiye ananama liti, tsiku lija kapena lero?"

"Tsiku lija."

"Mwadziwa bwanji? Tsiku lijanso munali otsimikiza."

Mayi Lenia anagwiritsa zitsulo za pawindo.

"Za mumtima mwake sindingalumbire, mwanawe. Ndikudziwa zimene ndinachita ine. Pakhomo paja aliyense wokukonda akanavomera. Bambo ako anavomera momwemo, ine ndinawasungira chakukhosi mpaka kumanda."

Talandira anasisita kamutu ka mwana ndi chala.

"Adokotala anati ndikanachedwa pang'ono ndikanapita," anatero pomaliza. "Masiku onsewa ine ndimati anandichedwetsa ndi iwo, pokana kuulula msanga. Ndiye ndinu."

"Ndine."

Talandira sanalire. Anayang'ana kwa namwino. "Anesi, aitaneni alowe."

Mayi Lenia anaonera pawindo pomwepo. Ramsey analowa atasamba m'manja mpaka m'zigongono, anavula malaya mwamanyazi pakati pa amayi onse aja. Pachifuwa ndi m'mikono munali zipsera za masamba a nzimbe. Namwino anamuika kamwana kaja pakati pa chifuwa n'kumanga chitenje kumsana. Iye anaumirira ngati mtengo, akuopa ngakhale kupuma.

"Pumani, bambo, si dzira limenelo," anatero mayi wa kukhomo uja, ndipo ulendo uno chiseko chinali china.

Talandira sanamuyang'ane mwamuna wake kumaso. Anatambasula dzanja n'kukonza kachipewa ka mwana kamene kanapendekeka. Dzanjalo linakhalitsa pamenepo pang'ono. Kenako, osatembenukira kuwindo, anati, "Amayi, chifuwacho. Pitani kunyumba mukapume."

Mayi Lenia anamva chimene akuuzidwa. Anatsika pa njerwa paja, anakamanga katundu wawo, n'kukakwera minibasi.

Kumudzi anayambira kwa mayi Dailesi. Mayi Dailesi anamvetsera akupeta mpunga, kenako anaseka. "A Nambewe, mwakalamba. Kamnyamata kakupusitsani. Mwana wanu wachira chifukwa munthu anaulula. Udzudzu unayamba liti kutulutsa magazi m'kamwa?" Mayi Lenia anayenda khomo ndi khomo, kwa onse amene anaima pabwalo tsiku lija, kunena mawu omwe ananena pawindo. Ena anawamvera chisoni. Ena anati akungofuna kukonza banja la mwana wawo. Dzina la mandasi lija linali litamera kale, ngakhale ana ankalidziwa. Analowetsa nkhani m'mudzi tsiku limodzi, koma kuitulutsa kunawakanika.

Anapitanso kwa Malengachanzi, atanyamula tambala, kukagwada kwa a Filipo, amalume ake a Ramsey amene anali ankhoswe a ukwatiwo. A Filipo analandira tambalayo, anawapatsa mpando, sanawanyoze. Koma mwana atatuluka m'chipatala, atayamba kuyamwa bwino, a Filipo omwewo anabwera ku Mwadzama kudzapempha chitengwa, kuti Ramsey akakhale ndi mkazi wake kwawo. Anati mphwawo sangakhale pamudzi pamene ana amamuimba nyimbo.

Mlongo wawo wa mayi Lenia, mwini mbumba, anakana. Anati mzime sachoka pakhomo pa mayi ake, adzawasunga ndani akakalamba? Anati ngati mkamwini watopa, apite yekha, mwana ndi mdzukulu atsale. Onse anayang'ana kwa Talandira. Iye anali atakhala pamphasa pakati pa mayi ake ndi mwamuna wake, maso ali pa mwana.

"Kumene apite bambo ake a mwanayu, inenso ndipita," anatero.

Mwini mbumba anatembenukira kwa mayi Lenia kuti amuthandize kukana. Mayi Lenia anati, "Achimwene, alekeni apite."

Ramsey anakwera padenga n'kuzula malata ake limodzilimodzi, misomali akuwongola n'kuika m'thumba. Mayi Lenia anathandiza kusenza mabelo a zitenje mpaka pangolo. Potsanzika Ramsey anapatukira pambali, ananjuta, n'kunena kuti, "Tsalani bwino, amayi," ngati palibe chimene chinachitikapo. Zimenezo zinawapweteka kuposa akanawatukwana. Zipupa za nyumbayo zikadalipo kuseri kwawo, mbuzi zimabisalamo dzuwa.

Mwana uja anamutcha Dyna. Akadali wochepa thupi kuyerekeza ndi anzake, ndipo anachedwa kuyenda, koma pano amathamanga. Mayi Lenia amapita kukamuona akakolola mpunga, atasenza kathumba ka wopuntha kale. Amagona tsiku limodzi. Amaona zambiri zoti akananena: mwana akusewera kunja opanda juzi, ndiwo zathiridwa mchere ndi aliyense. Amangoyang'ana.

Ulendo wathawu anaona kuti Talandira akutafuna dothi la pachulu ndipo chitenje wamanga m'mwamba. Sanauzidwe, iwonso sanafunse. M'mawa Talandira anawaperekeza mpaka kumsewu, Dyna ali patsogolo. Anaima pamenepo mpaka minibasi inaonekera patali.

"Mudzabwere mu Okutobala, amayi," anatero Talandira. "Ndikadzangoyamba kumva msana tidzanyamuka, sitidzadikira munthu."

"Ndamva."

"Ndipo mudzabwere nokha, popanda anzanu aja."

"Ndidzabwera ndekha," anatero mayi Lenia.